Musanasiye thiraki ya bwana n'kutenga yanu yapangongole

Mwayendetsa thiraki ya kampani zaka khumi kapena kuposerapo. Msewu wa ku Beira mumaudziwa ngati njira ya kudimba kwanu, ndipo pachipata cha Dedza ngakhale anyamata achiwaya amakutchulani dzina. Tsono mwayamba kuwerengera: ulendo umodzi bwana amalandira mamiliyoni, inu n'kukupatsani alawansi yongokwana nsima ndi sopo. Mumtima mukuti, "Kodi ine ndingalephere chiyani, poti ntchito yonse ndimagwira ndine?"

Maganizo amenewa si oipa ayi. Kwathu kuno kwa Kaphuka m'boma la Dedza, ana athu oyendetsa mathiraki akabwera kudzapuma nkhani imakhala yomweyi. Ndipo chowakopa chilipodi. Dera lino limatulutsa kachewere, nyemba, soya, chimanga, tomato ndi kabichi. Pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Bembeke mpaka pa Lizulu mavenda amakhala pamwamba pa matumba kudikira galimoto yoti iwatengere ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Munthu wodziwa chiwongolero akaona zimenezi amaona ndalama zikungowola pamsewu.

Koma tiyeni tikambirane kaye, bambo, musanalembe kalata yotsanzika kuntchito.

Kwa munthu yemwe alibe ndalama zogulira galimoto kamodzin'kamodzi, njira zomwe timaziona kuno ndi zitatu. Ina ndi ya kubanki, yomwe ena amaitcha lizi: inu mumapereka dipoziti, banki imalipira zotsalazo kwa wogulitsa, kenako mumabweza mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiwongoladzanja. Ina ndi ija adaizolowera anyamata a minibasi ndi a kabaza wa njinga zamoto: mwini galimoto amakupatsani makiyi, inu muzimupatsa ndalama yomwe mwapangana pasabata kapena pamwezi, ndipo pakatha zaka zakutizakuti galimotoyo idzakhala yanu. Yachitatu ndiyo yokoma kwambiri kukhutu. Kampani yomwe mukugwirako ntchito imakugulitsani thiraki yake pangongole, n'kulonjeza kuti katundu izikupatsani yokha, ngongoleyo izingodula pa ndalama za ulendo.

Njira zonsezi zimakumana pamfundo imodzi yomwe ambiri safuna kuimva: kufikira tsiku lomwe mudzapereke ndalama yomaliza, galimotoyo mwini wake ndi wina. Chomwe chasanduka chanu kuyambira tsiku loyamba ndi mavuto ake. Tayala likaphulika pa Zobue ndi lanu. Giyabokosi ikafa pa Zalewa ndi yanu. Katundu akasowa mwezi wathunthu, njalayo ndi yanu, ndipo wokongoza uja tsiku lake likakwana adzafuna ndalama yake yathunthu.

Pa njira yachitatuyi ndikufuna ndichedwepo pang'ono. Taganizani: munthu yemwe mukumubwezera ngongole ndi yemweyo amene akusankha katundu woti akupatseni, ndi yemweyo akuika mtengo wa ulendo, ndi yemweyonso akuwerengera zoti adule. Akafuna kuti mulephere, sachita kukukalipirani. Amangochepetsa maulendo miyezi iwiri, inu n'kulephera kubweza, iye n'kutenga thiraki yake yomwe mwaiikira matayala atsopano n'kupatsa mnzanu wina.

Izi si nthano. Ku America, mu 2017 nyuzipepala ya USA Today idafufuza za madalaivala onyamula makontena padoko la Los Angeles omwe adatenga mathiraki mwanjira imeneyi. Idapeza kuti ena ankagwira ntchito usana ndi usiku, koma kampani ikadula ngongole, mafuta ndi inshuwalansi, sabata zina ankapita kunyumba ndi ndalama yosakwana dola imodzi. Wina akadwala kapena kuchotsedwa, ankataya thiraki pamodzi ndi zonse zomwe adapereka kale. Mu Januwale 2025 komiti yomwe boma la dzikolo lidakhazikitsa kuti iunike nkhaniyi idalangiza kuti mapangano otere aletsedwe. Ngati zimachitika kudziko lomwe maloya ali pakona iliyonse, nanga kuno komwe timagwirizana pakamwa, mboni n'kukhala botolo la Fanta?

Sindikunena kuti bwana aliyense ndi wakuba. Alipo ena amtima wabwino, ndipo alipo madalaivala omwe adamaliza ngongole n'kukhala ndi mathiraki awoawo. Koma mtima wabwino wa bwana ulembedwe papepala, chifukwa bwana amamwalira, amagulitsa kampani, ndipo ana ake sadzakudziwani.

Zoti zilembedwe

Papepalapo pakhale mtengo wonse womwe mudzakhale mutapereka pofika kumapeto. Ambiri amangofunsa kuti, "Pamwezi ndi zingati?" Inu muchulukitse ndalama ya pamweziyo ndi miyezi yonse, muwonjezere dipoziti, ndipo mufunse ngati kumapeto kuli ndalama ina yoti mupereke kuti blue book isinthidwe dzina. Kenako yerekezani ndi mtengo wa galimoto ngati yomweyo pamsika. Mwina mupeza kuti mukugula mathiraki awiri n'kulandira imodzi, yokalamba.

Funsani kuti mukaphonya mwezi umodzi chichitike n'chiyani. Akupatsani masiku angati? Akalanda galimoto, zomwe mwapereka zaka ziwiri zipita kuti? Akaigulitsa pamtengo wotsika, kodi adzakutsatiraninso kuti muwonjezere? Funsani ngati muli ndi ufulu wonyamula katundu wa anthu ena pamene kampaniyo ilibe katundu. Pangano lokuletsani zimenezi koma osakulonjezani maulendo angapo pamwezi, limenelo ndi chingwe cham'khosi, musasayine.

Pepalalo mulitenge, mukagone nalo kunyumba. Mukapeze loya aliwerenge. Ndalama yomwe angakulipiritseni siingafike pamtengo wa tayala limodzi. Wokongoza amene akuti sayinani pompano, mawa mwayi upita kwa wina, ameneyo wakuuzani kale khalidwe lake. Ndipo galimotoyo ikaonedwe ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Ngati ndi thiraki yomwe mwakhala mukuyendetsa nokha, mukudziwa bwino pomwe imatsokomola. Musadzinamize kuti ikakhala yanu ichira.

Tsopano tiwerengere. Mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki omwe inu mungakongoleko amaika chawo pamwamba. Tingoyerekeza kuti mwakongola K30 miliyoni pa 30 peresenti. Chaka choyamba chiwongoladzanja chokha chiyandikira K9 miliyoni, kutanthauza pafupifupi K750,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Ndi maulendo angati a kachewere amenewo?

Choopsa china ndi ngongole yowerengedwa m'madola kapena m'marandi. Ogulitsa mathiraki ochokera kunja amakonda zimenezi. Kwacha yathu idagwetsedwa mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, pamene dola imodzi kubanki idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu yemwe ankabweza madola 1,000 pamwezi adagona akufunika K1,180,000, n'kudzuka akufunika K1,700,000. Mwezi womwewo dizilo adachoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, ndipo kuchokera apo wakweranso. Matayala, mabatire, oyilo ndi masipeya onse amachokera kunja, ndiye amakwera limodzi ndi dola. Koma venda wa tomato pa Lizulu akakuuzani mtengo wa hayala amakumbukira wa chaka chatha. Ngati ndalama zanu muzilandira m'makwacha, ngongole yanunso ikhale ya m'makwacha.

Pali tinthu tina tomwe muli pantchito munkangopatsidwa mapepala ake osadziwa mtengo. COF, inshuwalansi, ziphaso za ku Road Traffic, Yellow Card ya COMESA mukamatuluka kunja, ndalama za pamsewu ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, faindi ya pasikelo mukadzadzitsa katundu. Kuyambira mu Novembala 2021 pa Chingeni ndi mu Januwale 2022 pa Kalinyeke, ulendo wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre uli ndi zipata ziwiri zolipira. Pa inshuwalansi musathamangire yotchipa ija yongoteteza anthu ena. Thiraki yangongole ikagubuduzika pa Bembeke m'chifunga cha mu Juni, mudzakhala mukubweza ngongole ya zitsulo zomwe zili kuphompho. Katundu wa eni akenso ali ndi inshuwalansi yakeyake, ifunseni.

Ndipo masiku omwe galimoto yaima muwawerengere. Kumapeto kwa 2024 tidaona mathiraki akugona masiku pamzere wa dizilo. Nyengo ya fodya galimoto ikhoza kukhala pa Kanengo kudikira kutsitsa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yathu yafumbi yolowa m'midzi imaterera, ndipo katundu weniweni amachuluka anthu akakolola. Chaka chili ndi miyezi 12 ya ngongole, koma miyezi ya katundu wambiri siikwana 12.

Kwa ine, munthu woyamba kumene ndi bwino ayambe ndi galimoto yaing'ono. Ndikudziwa kuti yemwe wazolowera Scania kapena Freightliner amaona ngati kutsika ulemu kukwera Canter kapena Fuso ya matani ochepa. Koma yaing'onoyo imalowa kudimba, katundu wake amapezeka pa Chimbiya pomwepa, amalipira tsiku lomwelo, ndipo makaniko wa pa Dedza boma amaidziwa. Thiraki yaikulu imafuna kontirakiti ya kampani, ndipo makampani ambiri amalipira pakatha masiku 30, 60 mwinanso 90, atadulako kale msonkho. Pamenepo mafuta a maulendo atatu mwagula ndi ndalama za m'thumba mwanu. Eni mathiraki a m'dziko muno akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti katundu wochokera kumadoko amapita kwambiri kwa makampani akunja. Ngati akuluakulu okhala ndi mathiraki makumi akulira, wa thiraki imodzi asalowe m'bwalomo ndi chidaliro chokha. Mukafunadi ntchito za makampani, lembetsani bizinesi yanu kuboma, mutenge TPIN ku MRA, ndipo mupeze kalata ya katundu musanatenge galimoto.

Musaiwale katundu wobwerera. Kupita ku Blantyre ndi kachewere n'kubwerako chopanda kanthu ndiye kuti dizilo wa ulendo wobwerera wadya phindu la ulendo wopita. Musananyamuke dziwani amene akufuna simenti, feteleza, malata kapena shuga kumtunda kuno.

Ndalama za thiraki si za m'nyumba

Apa ndi pomwe ambiri amagwera, ngakhale omwe adapeza pangano labwino. Venda akakupatsani K600,000 m'manja, mutu umakuuzani kuti mwalemera. Chonsecho m'ndalama imeneyo muli dizilo wa mawa, muli gawo la banki, muli gawo la matayala omwe akutha pang'onopang'ono, muli sevisi, muli malipiro a mnyamata wokuthandizani. Yanu ndi yotsalayo, ndipo miyezi ina siitsala.

Tsegulani akaunti ya thiraki payokha. Mudzidulire malipiro a pamwezi ngati momwe bwana ankachitira, ndipo kunyumba kuzipita omwewo basi. Gulani kope la sukulu, muzilemba ulendo uliwonse: makilomita, malita, zomwe mwalandira, zomwe mwawononga, ngakhale ya chipisi. Pakatha miyezi itatu kopelo lidzakuuzani zoona zomwe anzanu a kubawo sangakuuzeni. Ndipo musasiye ntchito mulibe ndalama yapadera yokwana kubweza ngongole miyezi itatu galimoto itaima. Wopanda ndalama imeneyi injini ikagogoda amathamangira katapila, ndipo katapila ndi banki zikakumana pamunthu mmodzi, mbuzi ndi malata zimapita.

Tsono pali abale. Kumudzi kuno galimoto ikafika pakhomo imasanduka ya mbumba yonse. Maliro ndi inu, chinkhoswe ndi inu, njerwa za chiliza ndi inu, ndipo malume akakupemphani kuti mukawatengere chimanga kumunda simungawatchulire mtengo. Pa maliro sitikana, ndi chikhalidwe chathu. Koma nenani poyera kuyambira pachiyambi, pamaso pa akuluakulu a banja, kuti galimotoyi ndi ya banki ndipo wofuna kuigwiritsa ntchito athire mafuta. Adzakunenani miyezi iwiri, kenako adzazolowera. Mphwanu musamupatse chiwongolero chifukwa choti ndi mphwanu. Aonetse laisensi yoyenera kukula kwa galimotoyo, apo ayi a inshuwalansi adzakana kulipira pakachitika ngozi. Komanso nyumba yomwe mukukhala ana, kapena munda wa kuchikamwini womwe eni ake ndi akumbumba ya akazi anu, musaike chikole.

Thupi lilibe sipeya

Mbali iyi ndiyo ndikuidziwa bwino, poti zaka zanga zonse zantchito ndidathera m'mawodi ngati namwino. Dalaivala wa kampani akagonekedwa m'chipatala, thiraki imapatsidwa wina ndipo malipiro ake amabwerabe. Malamulo a ntchito a 2000 amamupatsa tchuthi chodwala, ndipo akavulala pantchito pali chipepeso. Kuyambira mu 2011 bwana amayenera kumuikira penshoni ya 10 peresenti, iye n'kuikapo 5. Tsiku lomwe mwakhala bwana wa inu nokha, zonsezi zatha. Mukagona pabedi, thiraki nayo yagona, koma ngongole ili maso.

N'chifukwa chake eni thiraki imodzi amadzizunza kuposa momwe bwana aliyense akadawazunzira. Amayenda usiku wonse kuti apeze ulendo wina, tulo n'kumatithamangitsa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija. Abale anga, tulo tilibe mankhwala ena koma kugona. Munthu wosagona maso amatseka kwa kamphindi iye osadziwa, ndipo kamphindi kameneko pa liwiro la thiraki ndi mtunda wokwana kulowa mumsika wa m'mbali mwa msewu. Mukayamba kuyasamula kawirikawiri kapena kuiwala midzi yomwe mwadutsa kumene, imani mugone.

Musanasayine pepala lililonse, pitani kuchipatala akakuyezeni BP, shuga ndi maso. BP siipweteka, ambiri amaidziwa tsiku lomwe mbali imodzi ya thupi yafa. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamaulendo angapo oyeza, yambani mankhwala ndipo musamasiye mukamva bwino. Kukhala pampando tsiku lonse, chipisi cha mafuta ndi mchere wambiri, zakumwa zashuga ndi fodya, zonsezi zimaitana matenda awiriwa. Wodwala shuga akamamwa mankhwala osadya akhoza kuchita chizungulire ali pachiwongolero, tsono muzikhala ndi kachakudya pafupi. Msana ukamawawa musamangomeza Brufen kapena Indocid tsiku ndi tsiku ngati mtedza. Mankhwala amenewa amakanda m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa munthu wa BP yemwenso amadzimana madzi poopa kuimaima.

Ife a kumapiri ozizira kuno timapeputsa malungo. Ku Tete ndi ku Beira n'kotentha, udzudzu ndi wambiri. Tengani neti m'galimoto, ndipo thupi likatentha mukabwerako kayezetseni tsiku lomwelo, osayamba mwamaliza ulendo wina. Za kachilombo ka HIV sindichita manyazi kunena, ndine mayi wanu. Si mwangozi kuti mu 2005 pachipata cha Mwanza padatsegulidwa kachipatala koyang'ana madalaivala a mathiraki. Kayezetseni pamodzi ndi akunyumba. Ngati muli pa ma ARV, auzeni achipatala za ntchito yanu. Kwa omwe akumwa bwino amapereka a miyezi ingapo nthawi imodzi. Botolo lizikhala m'chikwama chanu, ndipo muzitenga oposa masiku a ulendo chifukwa pachipata mukhoza kuchedwa sabata.

Ndi inu mayi, akazi a dalaivala, ndili nanu mawu. Ngongoleyi ndi yanunso, ngakhale simudasayine. Dziwani komwe kuli pangano, dziwani ndalama yotsala, dziwani tsiku lobweza. Amayi ambiri ndi omwe amasunga bwino kope lija kuposa eni ake, paja mudazolowera kubanki mkhonde. Afunseni bambo ngati ngongoleyo ili ndi inshuwalansi yoti iwo atamwalira kapena kulumala yotsalayo ithetsedwe. Mabanki ambiri ali nayo, koma pangano la pakati pa munthu ndi bwana wake nthawi zambiri lilibe. Ndipo bambo alembe wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu, komabe thiraki ndi chinthu chomwe achibale amachiona msanga kuposa ngongole yake. Amabwera kudzatenga makiyi, kalata za kubanki n'kusiyira wamasiye.

Zikayamba kuvuta, musazime foni. Pitani kwa wokongozayo mwezi woyamba womwe mwaona kuti simukwanitsa, kope lanu lili m'manja, mukapemphe kuti akutalikitsireni nthawi. Zikakanika, pemphani chilolezo choti mupeze nokha wogula. Galimoto yogulitsidwa ndi inu imapeza mtengo wabwino kuposa yolandidwa n'kukagulitsidwa pa okushoni. Pochoka kuntchito kwa bwana wanu tsanzikani bwino, perekani notisi, bwezani zida zonse, mutenge kalata yaumboni wa ntchito yanu, ndipo laisensi ndi pasipoti muzizikonzetsa nthawi yake isanathe. Mwina mudzafuna katundu kwa bwana yemweyo, mwinanso mudzafuna mpando wanu wakale.